Mkate wa Abusa Lantelme

Zélie Pellenc anachoka pa famu ya a Bertalot nkhuku zitagona kalekale, dengu lili m'manja, misozi ili chuchuchu, chitseko atachimenyetsa mpaka mbale zinalira m'kabati. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, yekhayekha, wopanda ngakhale nyali! Ngolo inalipo, bulu analipo, mnyamata woti amuperekeze analiponso. Koma mukudziwa, munthu akapsa mtima saona mdima.

Zonsezi zinayambira pa mkate. Paja makolo athu atatsika ku mapiri a ku Falansa kuja n'kuwoloka nyanja kudzamanga mudzi wathu uno wa Siloé, m'dziko lino la Algeria, anabwera ndi mbusa wawo, Abusa Lantelme. Tchalitchi kunalibe. Ankapemphera pansi pa mtengo wa azitona uja uli tsidya la khwawa, abusa ataima pa mwala wophwatalala, ndipo kanyumba kawo kanali pomwepo. Chaka choyamba chomwecho kunagwa kolera, njala ili pambuyo pake. Abusa anayenda khomo ndi khomo, kusambitsa odwala, kuika akufa, mpaka nthendayo inawagwetsa iwonso. Anthu anachita maere kuti apeze woti aziwapititsira chakudya, maerewo n'kugwera mnyamata wina dzina lake Ozias Pellenc. Masiku asanu ndi anayi Ozias ananyamula mkate madzulo alionse, ndipo ndi iyeyo amene anabweretsa mawu omaliza a abusa, aja analembedwa pamwamba pa khomo la tchalitchi chathu: "Simunandisiye."

Ndiye chaka chilichonse timakumbukira. Mkate wakuda umaphikidwa mu uvuni wakale wa kwa a Bertalot, chifukwa ndi wokhawo wotsala wa makolo oyamba. Munthu wa banja la Pellenc amakautenga madzulo, m'mawa mwake mpingo wonse umandondozana kupita ku mtengo uja. Mbusa amafunsa kuti, "Ndani anadyetsa mbusa wathu?" Wa Pellenc amayankha kuti, "Ndife, ndipo sitinawasiye," n'kuika mkatewo pa mwala. Lamulo lake ndi limodzi lokha: mkate umenewo sunyemedwa, ngakhale kakhoko, usanafike pa mwala. Amati wounyema amaitanira mudzi kolera.

Chaka chimenecho chinali cha makumi asanu, ndiye mwambo unali waukulu, alendo ochokera ku mzinda wa Oran atadzaza m'nyumba za anthu. Agogo Ozias miyendo inali itawakana. Mwana wawo, bambo ake a Zélie, anali atamwalira kalekale, ndipo Zélie anakulira m'manja mwa agogo akewo. Choncho udindo unagwera iye. Diresi latsopano anali atasoketsa, mawu oyankha aja atawayeserera pagalasi mpaka mphaka anatopa nawo. Agogo ake ankawanyadira koopsa. Ukamuyamba dala za agogo ake, unkayenera kusamala tsitsi lako.

Tsono kwa a Bertalot n'kumene kunali chibwenzi chake, Théophile, ndipo ukwati unali utapanganidwa kuti uchitike akatha kukolola mphesa. Usiku umenewo amayi angapo anasonkhana ku uvuni, vinyo akuyenda, nkhani zikuyendanso. Mkate utapsa, mayi ake a Théophile anaukulunga m'nsalu yoyera n'kuuika m'dengu.

"Ugwire bwino, mpongozi," anatero akumwetulira cham'mbali. "Paja mikate ya a Pellenc imathera panjira."

"Mukutanthauza chiyani, amayi?"

"Aaa, palibe. Kungoti malemu mayi anga ankati chaka cha njala chija aliyense anali nthiti zokhazokha, koma Ozias yekha masaya ali phwii ngati khanda la kwa bwanamkubwa."

Amayi ena aja anabisa kuseka m'maepuloni.

"Amayi, vinyo wakukwanani," Théophile anatero motsitsa mawu.

"Wandikwana ine? Kafunse aliyense wa imvi m'mudzimo! Amangokhala chete poti mwambo ndi wokoma, ndipo alendo a ku Oran amabwera ndi masiwiti."

Zélie anatembenukira kwa Théophile. "Wamva zimene akunenera agogo anga? Tayankhula."

Mnyamata uja, wamtali ngati mlongoti, anangoyang'ana nsapato zake. "Zélie, ndi nkhani zakale izi. Aliyense anazimvapo…"

"Iwenso unazimvapo? Ndipo umabwera kwathu n'kumawagwira chanza, n'kumadya nawo?"

Basitu Zélie anavula mphete n'kuiponya m'mbiya ya ufa, ufa uja n'kuti fuu!

"Mukaipeza mu mkate wanu, amayi, musatsamwe nayo."

Ndi mmene anatulukira. Ukwati wake anausiya mu ufa chifukwa cha dzina la agogo ake, ndipo mumtima ankati mawa akayankhula mokweza mpaka a Bertalot onse achite manyazi.

Kuchokera ku famu ija kupita ku Siloé pali njira ziwiri. Msewu waukulu umazungulira, maola awiri athunthu. Njira yachidule imadutsa m'minda ya mpesa, n'kudzera pa mtengo wa abusa, pamene pali mwala, bwinja la kanyumba ndi manda awo, kenako pa kamlatho ka pa khwawa, n'kulowa m'mudzi. Usana ana timasewerako. Usiku ngakhale alenje sadzerako. Zélie anatenga yachidule.

Poyamba mkwiyo unkamuperekeza. Ankayenda akuyankhula yekha, kuwayankha mayi Bertalot mawu onse amene anaiwala kuwayankha. Mphepo yotentha ya kuchipululu inkawomba, masamba a mpesa akuchita phokoso, nkhandwe zikulira chapatali, mwezi uli theka. Koma atangoona mtengo uja uli bii kutsogolo, mkwiyo unamuthawa n'kumusiya yekha.

Mphepo inaleka.

Nkhandwe zinaleka. Ngakhale nkhululu zinaleka. Kunangoti zii.

Pa mwala wa abusa panali patakhala munthu!

Zélie anaima. Kenako anadzilimbitsa. Nyengo yokolola mphesa kumabwera anthu aganyu ambirimbiri ogona paliponse, ndipo uyu ankaoneka ngati mmodzi wa iwo: nkhalamba yoonda, yopanda nsapato, itadzikulunga m'chofunda chaubweya chija amavala Aluya.

"Wayenda usiku, mwana wanga," munthu uja anatero.

Chimene chinamudabwitsa Zélie n'chakuti anayankhula chinenero cha kumapiri, chija agogo athu amayankhula akafuna kuti ana tisamve.

"Tsikanipo pamenepo, bambo," Zélie anatero. "Mwala umenewo sakhalapo."

"Ndi wa yani?"

"Wa Abusa Lantelme."

"Oo. Iwowo ali kuti?"

"Anamwalira kalekale. Ndi kolera."

Nkhalamba ija inaseka, kuseka kouma ngati mapesi akukhulana. "Kolera imapha msanga, mwana wanga. Tsiku limodzi, awiri, atatu. Munthu akafika masiku asanu ndi anayi, ndiye kuti kolera yamusiya."

Zélie sanafune kumva zambiri. Anafungatira dengu n'kudutsa, maso ali kutsogolo. Koma atayenda pang'ono anazindikira kuti munthu uja ali pambali pake. Sanamumve akutsika pa mwala. Sanamve mapazi. Nsapato zake zokha n'zimene zinkalira pa miyala… zake zokha.

"Chikununkhira," munthu uja anatero. "Cha mu uvuni wa Bertalot. Ndi cha lero?"

"Ndi mkate wa mwambo."

"Ndinyemereko."

"Sizingatheke, bambo."

"Kakhoko kokha."

"Sunyemedwa usanafike pa mwala. Mubwere mawa. Mapemphero akatha amagawira osauka."

"Mawa," munthu uja anabwereza, ngati akulawa mawuwo. "Mawa."

Anayenda. Usiku unali wotentha, koma mbali ya thupi yoyandikana ndi munthu uja inkazizira ngati waitsamiza ku khoma la chitsime. Dengu linkalemera. Mkate umodzi wokha, koma dzanja linkawawa ngati wanyamula miyala.

"Akuti mwamanga tchalitchi," anayambanso. "Pakhomo mwalembapo chiyani?"

Zélie anayankha ngati mwana wa Sande sukulu, poganiza kuti mwina mawu oyera amuteteza. "Simunandisiye. Ndi mawu omaliza a abusa."

"Anawamva ndani?"

"Amene ankawadyetsa."

Kenako munthu uja anati, "Kuli mayi wina wa kumahema uko," akuloza kumanzere. "Anandibweretsera nkhuyu zitatu ndi madzi, n'kundifunditsa chofunda ichi. Munda wake tinali titaulanda mwezi womwewo. Koma anabwera. Kawiri. Kenako asilikali anawasamutsa."

Zélie anayang'ana kumene ankaloza. Kunalibe hema. Kunali mizere ya mpesa ya a Bertalot, yomwe inabzalidwa iye asanabadwe. Mahema kumeneko anachokako zaka… zaka…

Zaka makumi asanu zapitazo.

"Ndili ndi njala, mwana wanga."

"Mawa, bambo. Ndakuuzani kale. Mawa!"

Anayamba kuyenda ndawala. Kamlatho kanali kutsogolo, kakuoneka mbuu ndi mwezi. Munthu uja anatsalira pang'ono. Ndiye kumbuyo kunayamba kumveka phokoso lina.

Khwe… khwe… khwe…

Ngati thumba likukokedwa pa miyala.

Usacheuke, anadziuza. Usacheuke.

Khwe… khwe…

Anacheuka.

Mayo! Munthu uja ankakwawa! Pa zigongono ndi m'mawondo, chofunda chikukhwekhwereka pambuyo, mawondo atanyuka mpaka fupa likuyera. Koma magazi ayi. Ngakhale dontho. Ndipo ankabwera msanga, nkhope itayang'ana m'mwamba, pakamwa pali yasa, milomo itang'ambika ngati dothi la chilimwe.

Zélie anafuna kukuwa. Mawu sanatuluke. Miyendo inamufikitsa pakati pa mlatho n'kuuma pomwepo.

Munthu uja anafika pa thabwa loyamba. Anaima. Sanakwerepo. Anasuzumira pansi pa mlatho, mu mdima wa khwawa louma.

"Anali apo," anatero monong'ona. "Pansi apo. Akutafuna."

Kenako anatambasula dzanja. Zala ngati timitengo.

"Kakhoko kokha…"

Ndipo Zélie, pena pake ndi mantha, pena pake ndi lamulo lija analimva chibadwire, anakokera dengu pachifuwa n'kupukusa mutu.

Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono. Maso aja sanakwiye. Zélie ankanena mpaka ukalamba wake kuti bwenzi zili bwino akanakwiya. Anangomuyang'ana ngati munthu amene waona chinthu chomwe ankachiyembekezera kale.

"Magazi ndi amodzi," anatero. "Pita, mwana wa Pellenc. Ukamuuze Ozias kuti mawa lija lafika."

Dzina! Zélie sanamuuze dzina lake!

Pamenepo miyendo inamasuka. Anathamanga. Nsapato imodzi inavuka, sanaitole. Minga inamung'amba siketi, sanamve. Agalu a m'mudzi, aja amauwa ngakhale tsamba likagwa, anangolowa pansi pa ngolo akulira. Anafika pakhomo n'kugwera m'nyumba, dengu likadali m'manja.

Agogo Ozias anali pa mpando wawo, nyali ili pa tebulo, Baibulo lili pamiyendo, akumudikira.

"Iwe, mwanawe! Théophile ali kuti? Wakusiya uyende wekha? Mnyamata ameneyo ndimuthyola ndi ndodo iyi! Mkate uli bwino?"

"Uli bwino, agogo. Sindinaunyeme." Ankapuma ngati mbuzi yothamangitsidwa. "Anandipempha katatu, koma sindinaunyeme."

"Ndani?"

Anafotokoza zonse, mawu akugwerana: nkhalamba ya pa mwala, chinenero cha kumapiri, nkhuyu zitatu. Atatchula chofunda cha Aluya, Baibulo linatsetsereka n'kugwa pansi, agogo osalitola. Atatchula mawondo onyuka, anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Anaima pa thabwa loyamba la mlatho, agogo. Anati ndikuuzeni kuti mawa lija lafika."

Agogo Ozias anatulutsa kamawu kakang'ono, konga ka mwana wagalu wopondedwa.

"Tseka chitseko," anatero.

"Agogo, ameneyo ndi ndani? Akukudziwani bwanji?"

"Tseka chitseko, Zélie!"

"Sinditseka mpaka mundiuze. Ine ndataya mphete lero chifukwa cha inu. Mayi Bertalot anati munali wonenepa chaka cha njala, ine n'kuwatukwana pamaso pa anthu. Tandiuzani kuti ananama. Ingonenani kuti ananama, basi, ndikagone."

Agogo Ozias anayang'ana nyali. Kenako mawu anayamba kutuluka, pang'onopang'ono, ngati mafinya.

"Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndinali nditaika mayi anga ndi alongo anga awiri sabata imodzi. Tsiku loyamba ndinafika pa mlatho, ndinamva akubuula m'kanyumba muja, miyendo inakana. Ndinakuwa ndili patali kuti, mawa, abusa, ndibwera mawa! Ndinalowa pansi pa mlatho kuti anthu asandione ndikubwerera msanga. Mkate unali m'manja, wofunda. Ndinali ndisanadye masiku awiri."

"Munaudya."

"Ndinaudya. Kumudzi ndinakati abusa adya, akupereka moni. Anthu analira ndi chimwemwe, mwanawe. Anandipsompsona m'manja. Ndikanabweza bwanji mawu? Tsiku lachiwiri ndinati lero ndifika. Lachitatu chimodzimodzi."

"Masiku onse asanu ndi anayi?"

"Lachisanu ndi chiwiri ndili pansi pa mlatho ndikudya, ndinamva chinthu chikukwawa pa miyala. Nditadzutsa mutu, nkhope yawo inali pamwamba panga. Nthenda inali itawasiya, Zélie. Anali atachira! Inatsala ndi njala yokha. Anati, Ozias, mwana wanga, kakhoko kokha. Ine ndinathawa, mkate uli m'manja."

Zélie anakhala pansi, pa simenti pomwepo.

"Ndinapitirizabe kunyamula mkate masiku ena awiri, iwo ali gone pa thabwa loyamba lija. Ndinkabweretsabe moni wawo. Usiku wachisanu ndi chinayi ndinawakokera ku mtengo ndi chingwe, n'kuwakwirira m'chofunda chomwecho. Palibe wina anachiona chofunda chimenecho. Ine ndekha."

"Nanga mawu aja a pakhomo la tchalitchi?"

Zélie anakweza mawu.

"Agogo! Simunandisiye. Anawanena ndani?"

"Anthu anandifunsa kuti abusa anasiya mawu otani. Ndinayenera kunena kanthu."

Zélie anaseka, kuseka kosakoma. Anakumbukira mmene agogo akewo ankamunyamulira paphewa ali kamwana kuti agwire zilembo zija ndi chala. Ndi pa mawu amenewo pamene anaphunzirira kuwerenga. Anakumbukira mmene ankamumenyera m'manja akatola nyenyeswa za mkate wa mwambo, ati Mulungu akuona.

"Lamulo loti mkate usanyemedwe analiika ndani?"

"Ine."

"Ndiye munthu wanjala wandipempha katatu, ine n'kumukaniza mkate wake womwe, chifukwa cha lamulo lanu. Ndamuuza kuti mawa. Mwandiyankhulitsa mawu anu, agogo. Mwandisandutsa inuyo!"

"Sunadziwe, mwanawe."

"Inu munkadziwa. Zaka makumi asanu mukukhala pa mpando wakutsogolo m'tchalitchi!"

Nkhalamba ija inatsika pa mpando n'kugwada, miyendo yokana ija, n'kumugwira siketi. "Zélie, mayi wanga, ndatsala ndi masiku ochepa. Mawa ukangonena mawu aja, basi. Kamodzi kokha. Alendo abwera. Dzinali ndi lakonso. Ukanena zina, adzakukwatira ndani?"

"Mawa," Zélie anatero. "Inunso mukuti mawa."

Anachotsa dzanja lawo pa siketi, anatenga nyali ndi mkate, n'kutulukanso. Inde, anabwerera ku mlatho usiku womwewo, nsapato imodzi! Anaunyema mkate uja pa thabwa loyamba, n'kuitana mpaka mawu anasasa. "Abusa! Abusa Lantelme! Nawu, ndabwera nawo!" Nkhululu zinkalira, nkhandwe zinkalira, mphepo yotentha inkawomba monga mwa masiku onse. Palibe anabwera. Pa fumbi panali mizere iwiri yokha, yonga ya mawondo, yochokera ku mtengo kudzathera pa thabwa lija. Yobwerera panalibe.

M'mawa mpingo wonse unasonkhana pansi pa mtengo, alendo a ku Oran ali ndi maambulera awo, agogo Ozias atawanyamula pa mpando n'kuwaika kutsogolo. A Bertalot analipo, Théophile maso ali pansi monga mwa chizolowezi chake. Zélie anabwera ndi siketi yadzulo yong'ambika ija. Atavundukula dengu, anthu anaona mkate uli zidutswa ziwiri, ndipo amayi ena anagwira pakamwa.

Mbusa wa nthawi imeneyo anali wachinyamata, wongobwera kumene. Anatsokomola, n'kufunsa monga mwa buku.

"Ndani anadyetsa mbusa wathu?"

Agogo Ozias anatseka maso, milomo ikupemphera.

"Mayi wina wa kumahema," Zélie anatero, mokweza monga anayesererera pagalasi. "Anawapatsa nkhuyu zitatu, madzi ndi chofunda. Dzina lake sitilidziwa, chifukwa tinamulanda munda osamufunsa dzina. Ife a Pellenc tinawauza kuti mawa. Agogo anga masiku asanu ndi anayi. Ine dzulo usiku."

Mukanaona nkhope za anthu! Koma chimene chinamupweteka Zélie kuposa zonse n'chakuti a imvi onse sanadabwe. Anangoyang'ana pansi, ena akukonza zipewa. Ankadziwa, kapena ankaganizira, zaka zonsezo, n'kumaimba nawo nyimbo. Paja amati khoswe wa pa mkhate sapheka. Mayi Bertalot amene, pakamwa ponse paja, anangonong'oneza mnzawo kuti, "Kamwana kopanda ulemu, kunyazitsa nkhalamba pamaso pa alendo."

Mbusa wachinyamata uja ndiye anasokonezeka. "Dzulo usiku? Mwana wanga, ukuti unakumana ndi ndani?"

Zélie anaika zidutswa ziwiri zija pa mwala, n'kuloza manda.

"Awo."

Mbusa anawerama n'kuwerenga yekha pa mtanda, ngati sanawerengepo: Lantelme, mbusa woyamba wa Siloé, 1849.

Agogo Ozias sanatulukenso m'nyumba mpaka tsiku lowanyamula. Zélie ankawaphikira, kuwasambitsa, kuwatembenuza, tsiku ndi tsiku, osaphonya ngakhale limodzi, koma sanawatchulenso kuti agogo. Théophile anakwatira mtsikana wa ku Oran. Mawu aja pakhomo la tchalitchi akadalipo, ati kuwafafaniza kungawononge khoma.

Ndipo madzulo alionse, mpaka tsitsi lake linayera, Zélie ankapita ku mlatho kukaika kakhoko ka mkate pa thabwa loyamba. M'mawa ankakapeza kali pomwepo, kosakhudzidwa. Ngakhale nyerere sizinkakafuna.